Mlangizi Amene Ankathirira Chitsulo

Mwezi uno chatha chaka chiwaikire m'manda a Wedson Tembo, ndipo pa boma la Chama anthu akuwakumbukirabe ndi chinthu chimodzi: ankathirira chitsulo.

Si nthabwala ayi. Kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa windo la pabalaza, pali chitsulo chotalika ngati munthu, chokhomedwa m'dothi mpaka kutsala kamutu chabe. Pa kamutupo anamangapo waya wa kopa amene amalowa m'nyumba pa kabowo ka m'mbali mwa windo n'kukathera kumbuyo kwa ampulifaya, bokosi lija limapatsa mphamvu masipika. M'mawa uliwonse wa chilimwe, asanasambe n'kumaso komwe, a Tembo ankatuluka ndi ndowa n'kukhuthulira madzi pachitsulopo pang'onopang'ono, ngati munthu wothirira mbande za fodya. Loweruka ankawonjezerapo mchere wodzaza dzanja ndi makala opera.

Ndinakhala nawo moyandikana zaka zambiri, mpanda wa udzu wokha pakati pathu. Kale ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala, ndiye chizolowezi chofunsa sichinandichoke. Nditangosamukira kumene ndinasuzumira pampanda n'kuwafunsa kuti akuchita chiyani.

"Aneba, dothi la m'chigwa muno likauma limakhala njerwa," anandiyankha osatukula mutu. "Magetsi otayika amafuna njira yopita pansi. Akapeza njerwa, amabwerera n'kukatulukira m'sipika mwanga. Manje ine ndisankhe chiti, ndowa imodzi ya madzi kapena phokoso tsiku lonse?"

Pambuyo pake ndinafunsa kwa anthu odziwa za magetsi. Anandiuza kuti mdalayo sankanama: dothi lonyowa limalandiradi magetsi kuposa louma, ndipo mchere ndi makala zimathandiza. Koma onse anawonjezera kuti sanamvepo munthu wina wochita zimenezi tsiku ndi tsiku chifukwa cha nyimbo.

A Tembo anabadwira ku Kabwe. Anatumizidwa kuno ali mnyamata ngati mlangizi wa zaulimi, masiku amene magetsi a pa boma ankachokera ku injini ya dizilo ndipo ankayaka nthawi zake zokha. Anzawo amene anabwera nawo ankangoyembekezera tsiku lowasamutsira kutauni. Iwo anakwatira mkazi wa ku Chifunda, a NyaGoma, napuma ntchito komwe kuno, ndipo Chisenga, chiyankhulo cha kuno, anachiphunzira mpaka kumakanganiramo. Alimi a ku Chikwa amene ankawalangiza kale akabwera kumsika ankadutsira pakhomo pawo dala.

"A mlangizi, manje misomali tikolola liti?"

"Mukadzaphunzira kubzala chimanga m'mizere," ankatero iwo.

Pabalaza pawo panali ampulifaya yakale yolemera ngati thumba la feteleza, makina a makaseti, choimbira malekodi, ndi masipika awiri m'mabokosi a matabwa a mukwa. Zonsezi zinkafunditsidwa nsalu zoluka a NyaGoma. Amene sankawadziwa ankaganiza kuti ndi munthu wokonda nyimbo zaphokoso. Anali osiyana nazo kutali. Ankakonda kunena kuti makina abwino sadziwika pamene nyimbo ikuimba, amadziwika pamene yatha. Ndiye mlendo aliyense, kaya mphunzitsi watsopano kaya namwino wangofika kumene, ankamukhazika pansi, n'kuyatsa ampulifaya popanda nyimbo, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti agunditse khutu pa sipika.

"Mukumva chiyani?"

"Palibe, adada."

Nkhope yawo inkawala ngati apatsidwa mendulo. "A NyaGoma, mlendoyu amve tiyi!"

Amene wanena kuti akumva kanthu tiyi ankachedwa kumuona, chifukwa a Tembo ankagwada kumbuyo kwa kabati n'kuyamba kulondola mawaya.

Phokoso lililonse analipatsa dzina. Lija lokhuthala, long'ung'udza osapuma, limene limabwera ndi magetsi a pakhoma, ankaliti bemberezi. Lothetheka ngati nsawawa pa moto ankaliti kukazinga. Ndiye panali kavalo, kaphokoso kothamanga, tididi-tididi, kamene kamalowa m'sipika foni ikakhala pafupi kulira. Kameneka kanawapatsa mbiri ya using'anga. Ankatha kudula munthu pakati pa nkhani n'kumuuza kuti, "Yankhani foni yanu." Munthu ankayang'ana m'thumba, foni ili chete, kenako n'kuyamba kulira. Mayi wina wogulitsa nsomba zouma anathawa osatsanzika, ndipo mpaka lero akadutsa panyumbapo amawolokera tsidya lina la msewu. Kuyambira pamenepo pakhomo panaikidwa dengu, ndipo aliyense wolowa ankasiyamo foni monga momwe amavulira nsapato.

Mwini wake wa kukazinga anali a Nyirenda, owotcherera zitsulo, amene shedi yawo ili nyumba zochepa kuchokera pa a Tembo. Makina awo akayaka, masipika a mukwa ankathetheka. A Tembo ankanyamuka ndi ndodo, kukaima pamsewu n'kukuwa kuti pali anthu ena amene amawotcherera mageti m'makutu mwa anzawo. A Nyirenda ankatukula galasi lakuda lotchinga kumaso n'kuyankha kuti ana awo sadya nyimbo. Madzulo ake unkawapeza awiriwo pansi pa mango akusewera nsolo, akunamizirana kuba.

Koma nkhondo yeniyeni inali ya m'nyumba, ndipo inali ya filiji. A NyaGoma amapanga maayisi a malambe, amene ana a sukulu amawalimbirana nthawi yotentha. Filiji ikamayamba kulira, m'masipika munkamveka thu! ngati munthu wamenya chitseko. M'zaka zimene ndinawadziwa, filijiyo inayenda ulendo wautali kuposa galimoto zina za boma: inachoka pabalaza kupita pakhonde la m'kati, kuchoka apo kupita kukhichini, kenako pakhonde lakunja, komwe mbuzi inatafuna waya wake. A NyaGoma ankati filiji inalera ana, pamene ampulifaya ntchito yake n'kudya mchere wa ndiwo. A Tembo ankati filiji ilibe ulemu, imalankhula akulu akulankhula.

Pa maliro awo, achinyamata a kutchalitchi anabwera ndi chokuzira mawu chobwereka. Atangochiyatsa, bemberezi analira pabwalo lonse. Anthu amene ankawadziwa malemuwo anatembenukira ku bokosi onse nthawi imodzi. A NyaGoma, amene anali atakhala pamphasa pakati pa amayi, anavundukula chitenje kumutu.

"Zimitsani icho," anatero. "Angadzuke."

Anthu anaseka pamaliro, ena akupukuta misozi, ndipo abusa analalikira ndi pakamwa chabe.

Amene anaseka kwambiri anali aja analipo Lamlungu la kaseti, zaka zingapo m'mbuyomo. Nkhani yake ili motere.

Ali mlangizi, a Tembo ankayenda ndi kawailesi ka mabatire kojambulira mawu, kamene ankamangirira pa njinga. Tsiku la ukwati wawo ku Chifunda anakayatsa n'kumayenda nako pakati pa anthu. M'kasetimo munalowa mawu a amayi awo a NyaGoma. Mayiwo anamwalira pasanapite nthawi yaitali, ndipo sanajambulitsepo chithunzi. Chimene chinatsala cha iwo padziko lapansi chinali kaseti imeneyo basi.

Tepi ya m'kaseti imakalamba. Iyi inali itaduka kale, a Tembo n'kuilumikiza ndi penti wa zikhadabo, ndipo ulendo uliwonse akaiimba inkasiya fumbi lofiirira m'makina. Fumbi limenelo ndiwo mawu amene. Atazindikira izi anaitsekera m'chitini cha mabisiketi, ndipo kwa zaka zambiri sanalole kuti iimbidwe. Tsiku lina a NyaGoma akusenda malambe anangonena, osayang'ana munthu, kuti akamaganiza za amayi awo amaona pakamwa pakuyenda koma mawu samvekanso.

A Tembo anaimbira mwana wawo Tamara ku Lusaka, ndipo Tamara anatumiza foni ndi kawaya kolumikizira foniyo ku makina a makaseti, kuti mawu asamukire m'foni. Mdalayo anaiunika tepiyo padzuwa n'kugamula ngati dokotala: yatsala ndi ulendo umodzi. Phokoso lililonse limene lingalowe pa ulendo umenewo lidzakhala pamwamba pa mawu a apongozi awo mpaka kalekale.

Anasankha Lamlungu la mu Okutobala, anthu atatuluka m'tchalitchi. Sabata yonse anayenda khomo ndi khomo atavala tayi. Wometa tsitsi wa pakona anavomera kuzimitsa makina ake. A Nyirenda anavomera kutseka shedi, koma anati abwera kudzaona ndi maso awo chinthu chimene chawagoneka ndi njala. Mafoni a mzere wathu wonse anazimitsidwa n'kuikidwa m'beseni kunyumba kwanga. Chitsulo chinamwa ndowa ziwiri. Ndipo filiji, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya banjalo, inazimitsidwa ndi dzanja la a NyaGoma eni ake, maayisi ali odzaza m'kati.

Ine a Tembo anandipatsa ntchito yogwira foni yojambulirayo, atachotsamo simu khadi kuopa kavalo. Anatiuza kuti asamveke wotsokomola, ngakhale kuti mawu ankadutsa m'waya ndipo chifuwa cha munthu sichikanalowamo. Anayamba ndi kaseti yopanda kanthu, yoyesera. Anayatsa, nakweza voliyumu.

Bemberezi.

Sanali wamkulu, koma analipo, ndipo atamvetsera zimene foni yajambula anamupezamonso. A Tembo anavula jekete. Anasintha mawaya, napukuta mapulagi ndi sipiriti, nachotsa babu la padenga. Anatuluka kukathira ndowa ina. Bemberezi anali pompo. Anatembenukira kwa a Nyirenda.

"Mwasiya chinthu choyaka kushedi, imwe."

"Ine? Mdala, nili pano na jekete ya kutchalitchi. Kiyi iyi. Kapena nikuwotcherera na maso?"

Kunja dzuwa la m'chigwa linali litafika pamutu, malata akulira ndi kutentha. Pansi pa filiji panayamba kutuluka kamtsinje ka madzi a malambe, kakulowera pabalaza. A NyaGoma anatenga chisanza n'kuyamba kukolopa. Akukolopa kuseri kwa sofa anaima. Pakhoma, m'munsi, panali kagetsi kobiriwira. Anatsata kawaya kake ndi maso: kanadutsa pansi pa sofa, kanakwera mwendo wa tebulo, kanathera m'foni imene inali m'manja mwanga.

"Atate ake Tamara, ichi n'chiyani?"

"Chaja. Musachikhudze. Batire ingathe pakati pa ntchito."

"Oho. Ndiye filiji yanga yazima, maayisi anga asanduka phala, wometa wakhala manja lende, a Nyirenda ana awo adya mphepo, koma foni yanu yokha ndiyo ili pa msipu?"

"A NyaGoma, ndikuti musa..."

Anachizula. Sanachizule chifukwa chodziwa kanthu za magetsi, ndipo iwo eni amanena zimenezi mpaka lero. Anachizula chifukwa chopsa mtima.

Masipika anakhala chete. Chete weniweni, uja a Tembo ankaitanira alendo. Tinamva nkhuku ikupalasa panja.

Tichaja totchipa ta pamsika timatulutsa phokoso, ndipo likapeza waya wopita ku ampulifaya limayenda momasuka ngati pa msewu wa tara. A Tembo ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Anali atathamangitsapo machaja a alendo ambirimbiri. Ichi chokha sanachione chifukwa anachilowetsa okha, m'mawa, ndi mantha. A Nyirenda anaseka mpaka anatuluka panja, nakagwira mtengo wa mango.

Koma mantha a mdalayo sanali opanda pake. Tinali titayesa kwa nthawi yaitali, kachajako sikankadzaza kanthu, ndipo chizindikiro cha batire chinali chitafiira. Masiku amenewo magetsi ankazima masana aliwonse, ndiye nthawi yodikira kuti foni idzaze panalibe. A Tembo anayamba kubweza kaseti m'chitini. Anati tichite Lamlungu lina.

"Yayi," anatero a NyaGoma. Anaika chisanza pansi, napukuta manja pachitenje, nakhala pa sofa moongoka ngati ali kutchalitchi. "Ikani. Foni ikazima, izime. Ine ndikhala nditamva ndi makutu anga."

A Tembo anaika kasetiyo, nanditsinzinira diso kuti ndiyambe, nadina.

Poyamba panamveka kugunda kwa njinga ikutsamiritsidwa pamtengo. Kenako nthungululu, amayi akuimba patali, mwana akulira, wina akuitanitsa madzi. Ndipo pamwamba pa zonsezi panali kaphokoso kena kopyapyala, kakuthwa, kosapuma: ziiiiii.

Ndinaona nkhope ya a Tembo ikugwa. Ameneyu sanali bemberezi, sikunali kukazinga, sanali kavalo. Linali phokoso limene analibe nalo dzina, ndipo linali kulowa m'foni pamodzi ndi ukwati wawo. Anayang'ana pakhoma, palibe choyaka. Anayang'ana waya wa pawindo, uli m'malo mwake. Chala chawo chinapita pa batani loimitsira. Onse tinkadziwa kuti kuimitsa kumakoka tepi, ndipo polumikiza paja sipakanapirira.

A NyaGoma anawagwira pamkono.

"Siyani. Ni nyenje."

"Chiyani?"

"Nyenje, a Tembo. Za mu mtengo wa msikizi wa pakhomo pa adada. Mwaiwala kuti munandikwatira mwezi ngati uno? Zinalira tsiku lonse."

Chala chija chinabwerera. Ndipo nthawi yomweyo, pafupi kwambiri, ngati munthu walowa pabalazapo, panamveka mawu a mayi wachikulire, okhuthala, oseka. Ankalankhula Chisenga. Ankakalipira mkamwini wawo watsopano kuti aleke kulozetsa kabokosi kukamwa kwa anthu, akhale pansi adye. Anafunsa anthu ngati mwamuna wa kutauniyu adzamva mkazi wake akamalankhula, kapena makutu ake anagulitsa kwa kabokosiko. Anthu a m'kasetimo anaseka, ifenso pabalaza tinaseka, a Nyirenda ali pawindo. Kenako mayiwo anaitana mwana wawo ndi dzina lake la paubwana, limene palibe wa ife ankalidziwa, namufunsa ngati wadya.

"Narya, amama," anayankha a NyaGoma mokweza. Ndadya, amayi.

Aka kanali koyamba kuti munthu alankhule makina akuimba, a Tembo osanena kuti shii.

Tepi inayenda mpaka pafupi ndi kumapeto, n'kuduka polumikiza paja amayi akuimba. Ndinadina posungira mawu, ndipo foni inazima m'manja mwanga ndisanaiike patebulo. Palibe amene ankadziwa ngati yasunga. A Tembo anatola chaja chomwe chija, nachilowetsa pakhoma ndi dzanja lawo, tonse n'kuzungulira foni ngati anthu odikira kuti mwana wodwala atsegule maso. Itayaka, mawu anali momwemo, nyenje ndi zonse. A NyaGoma ananyamuka kukayatsa filiji. Masipika anati thu!

"Lero ilire," anatero a Tembo.

Tsiku lotsatira nkhondo ya filiji inayambiranso, monga mwa masiku onse.

Patapita miyezi, Tamara anaimba kunena kuti mnzake wina ali ndi kompyuta yotha kuchotsa kaphokoso kopyapyalako kuti mawu a agogo amveke oyera. Bambo ake, munthu amene anathera moyo wake akusaka phokoso, anakana. Anamuuza kuti phokoso lina ndi mbava yolowera pawindo, koma lina ndi mwini mudzi, ndipo kuti nyenjezo zinafika ku ukwati iye asanabadwe. Pa mayina atatu aja sanawonjezerepo lachinayi. Nyenje zinakhalabe nyenje.

A Tembo anadwala masiku ochepa chabe. M'mawa womaliza kukhala panyumba, galimoto yowatengera kuchipatala ikudikira, anapempha kuti idikirebe pang'ono, natuluka ndi ndowa.

Dzulo ndinapita kukawaona a NyaGoma. Filiji inabwerera pabalaza, ndipo yaima pafupi ndi kabati, pa soketi imodzi ndi ampulifaya. Makinawo ali ofunditsidwa nsalu zawo zoluka, masipika a mukwa akupukutidwa fumbi koma sayatsidwa. Dengu la mafoni likadali pakhomo, manje mumakhala anyezi. Mpando wa a Tembo uli pomwe unali, pakati penipeni pa masipika awiriwo, pamalo amene anayeza okha ndi chingwe, ndipo miyendo yake inasiya timaenje pa simenti. Palibe amene amakhalapo. A Nyirenda akabwera amakhala pa sofa, n'kudandaula kuti masiku ano amawotcherera tsiku lonse popanda wowatukwana, ndipo ntchito siikoma.

Kuseri, bwalo lonse lauma gwa, monga Chama amaumira mwezi uno. Pansi pa windo pokha pali kabwalo kobiriwira kukula kwake ngati lichero. Waya wa kopa ukadalowabe pa kabowo kake. A NyaGoma amathirapo madzi otsukira mbale m'mawa uliwonse, koma mchere anakana, akuti mchere ndi wa ndiwo. Njere zimene zinabwera ndi madziwo zinamera, ndipo chitsulo cha a mlangizi chatsamiridwa ndi tomato, wina wayamba kale kufiira. Mu mango nyenje zinali kulira mokweza, ndipo pawindo panalibe wotulutsa mutu.